Murambi ndi Mapulani a Mzinda wa Mutare pa Nyengo ndi Mayendedwe

Murambi ndi dera la kumayadi mumzinda wa Mutare, likulu la chigawo cha Manicaland kummawa kwa Zimbabwe. Lili kumpoto kwa tauni, m'tsinde mwa mapiri a nkhalango yotetezedwa ya Cecil Kop, ndipo amaliyang'anira ndi khonsolo ya mzindawu. Chifukwa cha pomwe lili, Murambi ali pakati pa nkhani ziwiri zimene khonsolo imalimbana nazo pokonza mapulani: madzi otsika m'mapiri nthawi ya dzinja, ndi magalimoto odutsa mumzinda wa pamalirewu.

Malo ndi mbiri

Mutare, yemwe ankatchedwa Umtali mpaka 1982, anasamutsidwira pomwe ali lero mu 1896 kuti akhale m'mbali mwa njanji yochokera ku doko la Beira. Njanjiyo inafika mu 1898, ndipo tauniyi inakwezedwa kukhala mzinda mu 1971. Kalembera wa 2022 anapeza kuti muli anthu oposa 220,000.

Mzindawu unamangidwa mosankhana mitundu. Azungu anatenga malo okwera monga Murambi ndi Morningside, kumene mapuloti ndi aakulu, mitengo ndi yambiri, mphepo imapita bwino. Antchito akuda, kuphatikizapo ochokera ku Nyasaland ndi Mozambique, anawaunjika ku Sakubva, kenako kunadza Dangamvura ndi Chikanga. Kagawidwe aka kakadalipo m'mayendedwe a tsiku ndi tsiku. Mbandakucha, ogwira ntchito za m'nyumba, osamalira maluwa ndi alonda amachoka kumunsi kukwera kumayadi, ena pa minibasi zomwe kumeneko amati kombi, ambiri wapansi, m'mphepete mwa misewu imene inakonzedwa poganizira galimoto zokha.

Ziopsezo za nyengo

Manicaland ndiye khomo la anamondwe ochokera kunyanja ya Indian. Namondwe Eline anawononga misewu ndi milatho m'chigawochi mu February 2000. Mu March 2019 namondwe Idai anagumula mapiri ku Chimanimani ndi Chipinge, napha anthu oposa 300 m'Zimbabwe, ndipo thandizo lambiri lopita kumeneko linkadzera ku Mutare. A Malawi anaona zofananazo ku Soche mu Blantyre pa namondwe Freddy mu 2023: phiri likavulidwa mitengo, matope ndi miyala zimatsikira pa nyumba za anthu.

Nkhalango ya Cecil Kop ndi mitengo ya m'mayadi a Murambi zimagwira nthaka ndi kuchepetsa liwiro la madzi. Zikapsa ndi moto wolusa m'chilimwe, kapena zikadulidwa nkhuni magetsi akamazimazima, mvula yoyamba imakokolola dothi n'kukatseka ngalande ndi makalavati. Madzi akasowa podzera amasefukira mumsewu, kulowa pansi pa phula, n'kusiya maenje. Otsala amathamangira kumtsinje wa Sakubva, kumene anthu ndi othinana. Choncho kusamala phiri kumtunda n'kuteteza msewu ndi nyumba za kumunsi.

Chilala nachonso chimavuta. Mu April 2024 boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi chifukwa cha chilala cha El Niño. Mutare amamwa madzi a mtsinje wa Pungwe, odzera m'mapaipi omwe anatha kumangidwa cha m'ma 2000, komanso a m'madamu a Odzani ndi Smallbridge. Komabe madera monga Dangamvura akhala zaka zambiri mipopi ili youma.

Mayendedwe

Msewu wochokera ku Harare umalowa mumzinda podzera pa Christmas Pass, mtsetse wautali wa makhotamakhota. Malole onyamula mafuta, feteleza ndi miyala ya m'migodi, ena ochokera ku Zambia ndi DR Congo, amatsika pamenepo popita ku chipata cha pamalire cha Forbes, mtunda wa makilomita pafupifupi 8 kuchokera m'tauni. Mabuleki akatentha lole imathawa dalaivala, ndipo ngozi zotere zapha anthu kangapo. Mizere ya malole odikira kuwoloka malire imatsekanso misewu ya mumzinda. Pofuna kuthana ndi izi boma linavomereza kumanga msewu wolambalala Christmas Pass, kuti malole asamadutse pakati pa anthu.

M'kati mwa mzinda anthu amadalira kombi ndi timagalimoto tonyamula anthu popanda chilolezo, totchedwa mushikashika. Pa nthawi ya Covid-19 mu 2020 boma linalamula kuti kampani ya ZUPCO yokha ndiyo izinyamula anthu m'mizinda, koma mabasi ankachepa, ndipo lamuloli linafewetsedwa mu 2022.

Malamulo ndi ndalama

Mphamvu za khonsolo zimachokera m'lamulo la Urban Councils Act, pamene kagawidwe ka malo kamatsata Regional, Town and Country Planning Act. Bungwe la EMA limayang'anira zachilengedwe, ndipo malamulo ake amaletsa kulima m'kati mwa mamita 30 kuchokera m'mphepete mwa mtsinje. Malamulo aakulu a dziko a 2013 amati maboma a zigawo ndi makhonsolo azilandira ndalama zosachepera 5 peresenti ya zomwe boma latolera pachaka. Ndalama za misewu zimadzera ku bungwe la ZINARA, lomwe limatolera msonkho wa galimoto ndi wa pa mageti olipiritsa, koma makhonsolo akhala akudandaula kuti zimafika zochepa ndiponso mochedwa. Mu February 2021 boma linalengeza kuti misewu ya m'dziko lonse ili pa ngozi, n'kuyamba ntchito yoikonza mwachangu.

Mu November 2023 Pulezidenti Emmerson Mnangagwa analamula makhonsolo onse 92 kuti akhale ndi pulani yaikulu ya malo pofika pa 30 June 2024. Pulani yotere imaonetsa pomanga nyumba, podutsa misewu, ndi malo oyenera kusiyidwa monga madambo ndi mapiri otsetsereka.

Zimene zimayesa pulani

Pepala lokha siligwira madzi. Ku Murambi ndi madera oyandikana nalo, phindu la pulani limaoneka pa ntchito zooneka zazing'ono: kukumba ngalande mvula isanayambe mu November, kulambula mizere yotchinga moto m'malire a nkhalango, kukana kugawa mapuloti pa malo otsetsereka, kuika nyale ndi mahampu pafupi ndi sukulu, ndi kupatula njira za oyenda pansi ndi okwera njinga. Vuto lalikulu ndi kagawidwe ka ndalama zochepazo. Eni nyumba a kumayadi amalipira msonkho wokwera ndipo mawu awo amamveka msanga kukhonsolo, pamene madzi osefukira ndi ngozi za pamsewu zimagwera kwambiri anthu a ku Sakubva ndi Dangamvura, omwe ndiwo ambiri mwa oyenda pansi.