Dengu la Matemba, 1968

M'sutikesi ya agogo anga aakazi muli chithunzi chimodzi chofiirira ndi ukalamba. Chidajambulidwa pakhonde la sitolo ya mmwenye, panjira yopita kudoko la Swang'oma, masiku amenewo Phalombe ili pansi pa boma la Mulanje. Agogo, ali mtsikana, avala nsapato zoyera, afukata botolo lalikulu la tinsomba touma, ndipo pamapazi pawo pali madengu awiri osefukira. Kumbuyo kwake munthu adalemba ndi pensulo: 1968.

Chakacho ndicho chidandiimitsa mutu. Mu 1968 Nyanja ya Chilwa idaphwa, monga idadzaphweranso mu 1995. Ophunzira a Chancellor College amene ankafufuza za nyanjayi pamodzi ndi Margaret Kalk adaziona ndi maso: matope ong'aluka, mabwato ali gada, asodzi atathawira kunyanja zina. Nanga matemba odzaza madengu awiri adachokera kuti?

Nditawafunsa, agogo adaseka mpaka kutsokomola. Malonda atafa chifukwa cha kuphwa kwa nyanja, mwini sitolo adakonza mpikisano. Aliyense wogula sopo kapena nsalu ankaloledwa kutchula kuchuluka kwa tinsomba ta m'botolo limene lidaikidwa pawindo, ndipo wolasa ankayenera kulandira bulangete. Nzeruyi sidali yake. Ku Plymouth, ku Mangalande, anthu ankapikisana kale kulosera kulemera kwa ng'ombe, ndipo mu 1906 Francis Galton atasonkhanitsa mayankho pafupifupi 800 adapeza kuti lapakatikati lidangophonya pang'ono. Kwathu kuno panalibe Galton, panali wojambula wobwera panjinga.

"Iwe mdzukulu wanga, m'madengumo mudali udzu," adatero agogo. "Nsomba zidali pamwamba pokha, ndipo sanali matemba, adali usipa wogula kwa anthu ochokera kunyanja yaikulu."

Nsapato zidali za m'sitolo momwemo, adawavula atangojambulidwa. Adawasankha chifukwa cha mano oyera, nawauza kuti aseke ngati apambana, chonsecho mpikisano udali usadayambe. Adawajambula kanayi, dzuwa likuwawotcha, nawalipira mpango wa kumutu. Chithunzicho chidakhala pawindo miyezi ingapo, amayi a m'mudzi akuwanena agogo kuti ndi mtsikana wonyada wodya nsomba anzake akudyera chigwada.

Sitoloyo kulibenso. M'zaka za m'ma 1970 boma la Kamuzu lidachotsa amwenye m'masitolo a kumidzi, ndipo mabuku a malonda adapita nawo. Chatsala ndi chithunzichi, chimene ine ndidatsala pang'ono kuchiika m'nkhani yanga ya mbiri ngati umboni wakuti mbali ya Phalombe nsomba sizidasowe chaka chimenecho.

Ndidafunsanso kuti adapata bulangete ndani. Agogo akuti botolo lidagwa pawindo makoswe atalowa m'sitolo usiku, tinsomba tisadawerengedwe.