Anthu anapita kuti pa chithunzichi?

Abale anga a m'gulu lino, sabata ino tiyeni tikayende ku France. Mukapeza mpata, fufuzani pa intaneti chithunzi cha msewu wa Boulevard du Temple ku Paris, chomwe Louis Daguerre anajambula mu 1838. Nyumba zili ndondondo, mitengo ilipo, koma msewu uli zii ngati kwagwa maliro. Komatu unali msewu wa piringupiringu, ngolo ndi anthu osatha. Kamera ya nthawiyo inkafuna mphindi zingapo kuti igwire chithunzi, ndiye chilichonse choyenda chinkafufutika. Anatsala ndi bambo mmodzi pakona amene anaima kuti amupukutire nsapato, ndi womupukutayo, wooneka mwa chizimezime.

Kamera yotereyi inkagwirizana ndi miyala, poti mwala suyenda. Mu 1851 bungwe la boma loyang'anira nyumba zakale, Commission des Monuments Historiques, linatuma akatswiri asanu kuti akajambule matchalitchi, milatho ndi malinga ofunika kukonzedwa. Awiri mwa iwo, Gustave Le Gray ndi Auguste Mestral, anafika ku Carcassonne, kumwera kwa dzikolo, mzinda wozingidwa ndi malinga awiri.

Anaupeza uli wotopa ndithu. Nsanja zambiri zinalibe denga, ndipo pakati pa malinga awiriwo panali tinyumba ta anthu osauka, tomatirira kukhoma. Kuyambira 1853, katswiri wa zomangamanga Eugène Viollet-le-Duc anayamba kukonza malowo. Tinyumba tija tinagwetsedwa pang'onopang'ono, eni ake n'kusamutsidwa. Nsanja anaziveka madenga osongoka a miyala yakuda, amene omutsutsa ankati ndi akumpoto. Kumwerako anthu amafolera ndi matailosi ofiira. Iye anamwalira mu 1879 ntchito ili mkati, ena n'kuimaliza.

Sindikunena kuti kamera ndiyo inathamangitsa amphawiwo, ayi. Koma ine ndimaona kuti inathandiza kuphunzitsa diso kuti nyumba yakale imakongola ikakhala yokha, popanda zochapa zoyanika, popanda utsi wa mphika. Inunso mumatero, eti? Mukafuna kujambula tchalitchi chakale pa foni, mumadikira kaye kuti mayi wosenza nthochi adutse.

Kenako kunabwera mapositikhadi. Madenga osongoka aja anayenda dziko lonse pa pepala, mpaka anthu anakhulupirira kuti Carcassonne inkaoneka choncho kuyambira kalekale. Mu 1997 UNESCO inaika mzindawu pa mndandanda wa malo a chuma cha dziko lonse, ndipo ntchito ya Viollet-le-Duc inawerengedwa ngati mbali ya mbiri yake. Wofuna kuona nsanjazo zisanavale zipewa amabwerera ku zithunzi za Le Gray ndi Mestral zomwe zija, zimene bungwe linaziitanitsa lija linangozitsekera m'kabati osazisindikiza.