Mneni wa "ignore": kunyalanyaza n'kosiyana ndi kusadziwa

Mneni wa Chingerezi "ignore" amatanthauza kusalabadira mwadala chinthu chimene munthu wachiona kapena kuchimva. Pa Chichewa amati kunyalanyaza, kunyozera, kapena mokuluwika, kuponyera kunkhongo. Ndi mneni woyambukira ndipo safuna mperekezi: munthu amati "ignore the warning", osati "ignore about the warning" monga ena amalembera. Zikakhala kuti zinachitika kale, amati "ignored".

Phata la tanthauzo lake ndi dala. Dalaivala amene waona chikwangwani cha pamsewu wa M1 pa Mponela koma osachepetsa liwiro, wanyalanyaza. Amene sanachione konse chifukwa cha chifunga sanganenedwe choncho. Apa m'pamene ambiri amasokonezeka, poti "ignorance", mawu a tsinde lomwelo, amatanthauza umbuli kapena kusadziwa.

Chisokonezochi chili ndi gwero. Mawuwa anachokera ku Chilatini "ignorare", kutanthauza kusadziwa, ndipo Angerezi akale ankawagwiritsa ntchito motero. Tanthauzo la kunyalanyaza linafala m'zaka za m'ma 1800. Chifalansa sichinataye tanthauzo lakalelo: munthu akati "j'ignore", kawirikawiri akutanthauza kuti "sindikudziwa".

Ku Dowa nkhaniyi si ya m'kalasi chabe. Msasa wa Dzaleka, umene unatsegulidwa mu 1994 pamalo pomwe kale panali ndende ya akaidi a ndale, umasunga anthu oposa 50,000 othawa kwawo, makamaka ochokera ku DRC, Burundi ndi Rwanda. Ambiri mwa iwo anaphunzira Chifalansa asanadziwe Chingerezi. Wotere akafunsidwa za chikalata n'kuyankha kuti "I ignore", angakhale akunena kuti sakuchidziwa, pamene wofunsayo wamva mwano. Kwa munthu amene tsogolo lake lili m'manja mwa womufunsa, kusamvana koteroko si kwamasewera.

Olemba nkhani nawo ayenera kuwayeza bwino mawuwa. Mu 2023 boma linalamula kuti othawa kwawo okhala m'matauni ndi m'midzi abwerere ku Dzaleka pofika pa 15 Epulo, ndipo mwezi wotsatira apolisi anagwira mazanamazana a iwo ku Lilongwe. Kulemba kuti anthuwo "ignored the order" n'kugamula kale kuti lamulolo analimva, akanatha kulitsata, koma anakana dala. Pamene izi sizinatsimikizike, mawu oyenera ndi "did not comply", kutanthauza kuti sanatsate lamulo, popanda kunena chifukwa chake.