Zoyenera kudziwa posankha njinga yamoto yoyendera magetsi m'boma la Chiradzulu

CHIRADZULU: Kusowa ndi kukwera mtengo kwa mafuta agalimoto kwachititsa anthu ena m'dziko muno kuyamba kulingalira zogula njinga zamoto zoyendera magetsi, makamaka zing'onozing'ono za mpando zomwe zimadziwika ndi dzina loti sikuta, koma munthu wokhala m'boma la Chiradzulu ayenera kuyamba wadziwa komwe azikatchaja batire ndiponso msewu womwe aziyendamo asanatulutse ndalama zake.

Mu Novembala 2023, mphamvu ya kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti, bungwe loona za mphamvu zamagetsi ndi mafuta la MERA linakweza mtengo wa petulo kufika pa K2,530 pa lita, ndipo mu Okutobala 2025 mtengowu unakweranso kufika pa K3,499. M'zaka za 2022 ndi 2024 eni galimoto ndi njinga zamoto ankachezera pa mizere m'malo omwetsera mafuta, ena n'kumagula petulo wa m'zigubu pa mtengo wokwera kwambiri.

Sikuta yamagetsi ilibe injini, choncho siifuna petulo, oyilo kapena pulagi. Ili ndi zigawo zitatu zikuluzikulu: batire, mota yomwe nthawi zambiri imakhala m'kati mwa gudumu lakumbuyo, ndi kabokosi kowongolera mphamvu yochoka ku batire kupita ku mota. Pakati pa chiwongolero ndi mpando pali malo athyathyathya opondapo mapazi, kotero kuti mayi wovala chitenje kapena munthu wachikulire amakwera popanda kudumphitsa mwendo. Njingayi ndi yosiyana ndi tinjinga toyendetsa choimirira tomwe timaoneka m'mizinda ya kunja, komanso ndi yocheperapo mphamvu poyerekeza ndi njinga zamagetsi zikuluzikulu zopangira ntchito ya kabaza.

Kumbali ya mitunda, Chiradzulu ndi boma loyenerana ndi njinga yotereyi. Ndi limodzi mwa maboma aang'ono m'dziko muno, la masikweya kilomita 767, ndipo kalembera wa mu 2018 anapeza anthu 356,875. Anthu ndi othithikana, misika, sukulu ndi zipatala zili moyandikana. Mphunzitsi wopita kusukulu, mlangizi wa zaumoyo woyendera midzi, mayi wokapikula tomato pa Mbulumbuzi kapena mlimi wokasiya mkaka ku malo osonkhanitsira sayenda mtunda wautali pa tsiku. Koma bomali lili pa mapiri a Shire Highlands, ndipo ukangopatuka pa msewu wa tala wa Blantyre-Zomba, womwe umadutsa pa Njuli, Mbulumbuzi ndi Namadzi, kapena wa Midima wodutsa kufupi ndi Nguludi, umakumana ndi zitunda, miyala, fumbi m'chilimwe ndi matope m'dzinja. Masikuta ambiri otsika mtengo anapangidwira misewu yosalala ya m'mizinda ya ku China ndi India.

Nkhani yoyamba ndi ya magetsi. Kalembera wa mu 2018 yemweyo anaonetsa kuti mabanja 11 okha mwa 100 aliwonse m'dziko muno ndi amene ankaunikira magetsi, ndipo ambiri mwa iwo anali a m'tauni. Yemwe nyumba yake ili ndi magetsi a ESCOM savutika, chifukwa tchaja ya sikuta imalowa pa soketi wamba ndipo batire limadzaza pakatha maola 6 mpaka 8. Yemwe alibe magetsi pakhomo, ndipo akudalira a kuntchito, a pa sitolo ya mnzake kapena a pa malo ochitira malonda monga Namitambo ndi Thumbwe, asankhe njinga yomwe batire lake limachotseka n'kunyamulika pamanja. Popanda kutero ndiye kuti azisiya njinga yonse kwa eni ake theka la tsiku.

Ngakhale amene ali ndi magetsi asaiwale kuthimathima kwake. Gawo lalikulu la magetsi a dziko lino amapangidwa ndi kampani ya EGENCO pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130 ndipo magetsi ankazima maola ambiri pa tsiku kufikira chaka cha 2023. N'chifukwa chake ndi bwino kugula batire lotha kuyenda maulendo a masiku awiri, kuti usiku umodzi wopanda magetsi usalepheretse munthu kupita kuntchito.

Ena amaganiza kuti sola yomwe ali nayo kale pakhomo ingathandize. Sola yaing'ono younikira mababu atatu, kuliza wailesi ndi kutchaja foni singadzaze batire la njinga. Pamafunika panelo la mawati 300 kapena kuposerapo, pamodzi ndi zipangizo zake, ndipo lotero limapereka mphamvu yongokwanira kudzaza batire limodzi pa tsiku la dzuwa labwino. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chiperoni chimakuta phiri la Chiradzulu masiku angapo motsatizana, mphamvuyo imatsika kwambiri.

Pa njinga yamagetsi batire ndilo chuma chenicheni, ndipo apa ndi pamene wogula ayenera kudekha. Pa batire lililonse pamalembedwa manambala awiri: wina wotsatiridwa ndi chilembo cha V, wina wotsatiridwa ndi zilembo za Ah. Kuchulukitsa manambala awiriwa kumapereka kuchuluka kwa mphamvu yomwe batirelo limasunga. La 48V ndi 20Ah limasunga 960, pamene la 60V ndi 20Ah limasunga 1,200, kutanthauza kupitirira pang'ono yunitsi imodzi ya magetsi a ESCOM, popeza yunitsi imodzi ndi 1,000. Sikuta yaing'ono yonyamula munthu mmodzi imadya pafupifupi 30 pa kilomita iliyonse. Choncho batire la 1,200 limayenda makilomita pafupifupi 40 likakhala latsopano komanso msewu ukakhala wabwino.

Makilomita olembedwa pa katoni kapena pa pepala lotsatsira malonda amayesedwa pa msewu wosalala, woyendetsa ali wopepuka thupi ndipo akuyenda pang'onopang'ono. Wa ku Chiradzulu achotseretu gawo limodzi mwa magawo atatu a nambalayo kaamba ka zitunda ndi katundu. Munthu amene kuntchito kwake kuli pa mtunda wa makilomita 12, ulendo wake wa tsiku ndi makilomita 24, ndipo akawonjezapo kupatukira kumsika kapena kuchigayo afika pa 30. Wotereyu batire la 960 limuthera m'njira pakangotha miyezi yochepa, chifukwa batire lililonse limanka lichepa mphamvu likamakalamba.

Ubwino wake uli pa mtengo woyendera. Kudzaza batire la 1,200 kumadya pafupifupi yunitsi imodzi ndi theka, pamene njinga ya petulo yaing'ono imafuna pafupifupi lita imodzi kuti iyende mtunda womwewo. Mtengo wa yunitsi ndi theka uli pansi kutalitali poyerekeza ndi wa lita ya petulo. Komabe ndalama zomwe munthu akupulumutsa asazidye zonse, popeza tsiku lidzafika logula batire lina, ndipo ndilo chipangizo chokwera mtengo kwambiri pa njinga yonse.

Mabatire alipo a mitundu iwiri. Woyamba ndi wa mtovu ndi asidi, wofanana ndi wa galimoto kapena wa sola. Ndi wotsika mtengo ndipo sasowa m'masitolo, koma ndi wolemera: njinga ya 60V imakhala ndi mabatire asanu olumikizidwa pamodzi, olemera makilogalamu opitirira 30, ndipo sachotseka kuti munthu akatchaje kwina. Amafooka akatchajidwa maulendo 300 mpaka 500, kutanthauza chaka chimodzi kapena ziwiri kwa woyenda tsiku ndi tsiku, ndipo amafa msanga akamasiyidwa atatheratu moto. Wachiwiri ndi wa lithium, womwe kulemera kwake ndi makilogalamu 10 kapena kucheperapo pa mphamvu yofananayo, umachotseka pa njinga zambiri ndipo umakhalitsa kawiri kapena katatu. Mwa mabatire a lithium, olembedwa kuti LFP ndiwo amakhalitsa koposa komanso sagwira moto msanga. Kwa amene pakhomo pake palibe magetsi, lithium ndiye yekha woyenera ngakhale mtengo wake uli woboola m'thumba. Wa mtovu angathandize munthu wa pa Boma kapena pa Njuli yemwe amatchaja pakhomo ndipo maulendo ake ndi afupiafupi.

Mphamvu ya mota imalembedwa m'mawati. Mota ya mawati 350 kapena 500 imayenda bwino pa chidikha, koma ikafika pa chitunda itanyamula munthu wamkulu ndi thumba la chimanga imafooka, imatentha, ndipo nthawi zina imapsereza kabokosi kowongolera mphamvu. M'boma ngati lino ndi bwino kuyambira pa mawati 1,000, ndipo wofuna kumanyamula mnzake kumbuyo afunefune ya 1,500 kapena kuposerapo. Ogulitsa ena amatchula mphamvu yomwe mota imafika kwa kanthawi kochepa chabe, choncho wogula afunse mphamvu yomwe imagwira nayo ntchito nthawi zonse. Liwiro si nkhani yaikulu. Makilomita 40 pa ola ndi okwanira ulendo wa kumsika. Chofunika koposa ndi mabuleki, chifukwa pa mtsetse njingayi ilibe magiya oti aigwire monga zimakhalira ndi njinga ya petulo. Buleki ya disiki kutsogolo ndi yoyenera kuiumirira.

Masikuta ambiri amakopa maso ndi mapulasitiki onyezimira ndi nyale zokongola, koma akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Wogula awerame ayang'ane pansi. Matayala aang'ono a mainchesi 10 amagwa m'dzenje lililonse ndipo amaterereka pa mchenga. A mainchesi 14 mpaka 17 amapirira misewu yafumbi, ndipo a 17 ali ndi ubwino wina woti ndi ofanana ndi a njinga zambiri za kabaza, kotero kuti tayala kapena chubu chake chimapezeka pafupi. Aonenso kutalika kwa mimba ya njinga kuchokera pansi, popeza pa masikuta ambiri batire limakhala pansi pa popondera mapazi, pomwe mwala umayambira kugunda.

Mvula wamba siiononga njinga yopangidwa bwino, koma madzi ofika pakati pa gudumu amalowa mu mota ndi mu batire. Anthu a m'bomali akudziwa mmene misewu ndi milatho inakokolokera mu Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula nthaka ya m'phiri n'kukwirira mudzi wa Ntauchira m'dera la Mfumu Yaikulu Likoswe. Amene njira yake imaoloka mtsinje wopanda mlatho adziwiretu kuti masiku ena a dzinja njingayo izikhala pakhomo.

Kulemera kwa katundu yemwe njinga ingasenze kumalembedwa m'kabuku kake, ndipo nambalayo imaphatikiza woyendetsa. Alimi a ng'ombe zamkaka, omwe ndi ambiri m'bomali, akumbukire kuti chigubu cha malita 20 chimalemera makilogalamu oposa 20 ndipo mkaka umakhutchumuka pa msewu wa mabampu. Chigubu chimodzi chimakhala bwino pa popondera mapazi. Ziwiri kapena zitatu ndi ntchito ya njinga yaikulu yokhala ndi kaliyala yachitsulo.

Kumbali ya malamulo, lamulo la pamsewu la Road Traffic Act la 1997 limafuna kuti njinga yamoto yoyenda pa msewu wa boma ilembetsedwe, ikhale ndi inshuwalansi, ndipo woyendetsa akhale ndi laisensi komanso avale chipewa choteteza mutu. Wogula asangokhulupirira mawu oti njinga yamagetsi siifuna zonsezi. Atenge mapepala ofotokoza mphamvu ndi liwiro la njingayo n'kukafunsa ku ofesi ya nthambi yoona za pamsewu ya DRTSS ku Blantyre asanalipire. Ngati njingayo yachokera kunja, aitanitsenso mapepala a MRA osonyeza kuti inalowa m'dziko movomerezeka, chifukwa popanda mapepalawa kulembetsa kumavuta. Chinanso, njingayi siilira. Pa msika wodzaza anthu ngati wa Mbulumbuzi oyenda pansi saimva ikubwera, choncho hutala ndi nyale zikhale zogwira ntchito nthawi zonse.

M'mayiko ena a mu Africa vuto la kutchaja analithetsa ndi malo osinthirako mabatire, komwe woyendetsa amasiya lotha n'kutenga lodzaza m'mphindi zochepa. Umu ndi mmene kampani ya Ampersand imachitira ku Rwanda kuyambira mu 2019, ndipo mu Januwale 2025 dzikolo linaleka kulembetsa njinga zatsopano za petulo zochitira kabaza mu mzinda wa Kigali. Njira yotereyi imathandiza pokhapokha malo osinthirawo ali pa njira ya munthu. Wa ku Chiradzulu amene wogulitsa akumulonjeza zimenezi afunse malo enieni, ndipo awerengetse ngati batire lingamufikitse kumeneko n'kubwerera.

Amakaniko a njinga za kabaza amatha kukonza matayala, mabuleki ndi mashoko a sikuta, koma mota, tchaja ndi kabokosi kowongolera mphamvu zimafuna wodziwa zamagetsi ndiponso zipangizo zosinthira zogwirizana ndi njingayo. Wogula afunse ngati zipangizozi zilipo mu sitolo ku Limbe kapena ku Blantyre, kapena zimachita kuitanitsidwa kunja, ndipo afunsiretu mtengo wa batire latsopano. Chitsimikizo cha wogulitsa chikhale cholembedwa, chotchula batire palokha ndi miyezi yake, ndipo lisiti lisungidwe, popeza ndilo umboni wokatula nawo dandaulo ku bungwe la Competition and Fair Trading Commission zinthu zikavuta. Njinga yogwiritsidwapo kale ntchito igulidwe pa mtengo woganizira kuti batire lake latsala pang'ono kutha.

Asanapereke ndalama, wogula apemphe kuyesa njingayo pa chitunda atanyamula katundu wofanana ndi yemwe azinyamula, ndipo aone mmene chizindikiro cha batire chikutsikira. Akaigula, atchajire tchaja yake yokha, pa malo opita mphepo, kutali ndi mbaula, udzu ndi khomo lotulukira, ndipo adikire batire lizizire kaye akangofika kuchokera ku ulendo. Batire la lithium lomwe latupa, laphwanyika kapena lamira m'madzi lisatchajidwenso ndipo lisungidwe kunja kwa nyumba. La mtovu likatha lisaphwanyidwe pakhomo kapena kutayidwa kudzala komwe ana amasewera, koma libwezedwe kwa ogulitsa mabatire.