Dzina Lolembedwa Patsinde pa Mpeni wa Msikauti

Sabata ino tikambirane za kanthu kakang'ono kolowa m'thumba la kabudula, komwe ndi mpeni wopinda wa masikauti. Alipo anthu, makamaka ku America, amene amafunafuna mipeni yakale imeneyi m'misika ya katundu wakale, naikonza ndi kuisunga. Amene sadziwa angawaseke kuti akutolera zitsulo zadzimbiri. Koma mafakitale amene adasula mipeniyi adatsekedwa, ndipo umboni wa ntchito yawo wotsala m'manja mwa anthu ndi mipeni yomweyo.

Mu Ogasiti 1907 Robert Baden-Powell adatenga anyamata pafupifupi 20 nakamanga nawo misasa pa chilumba cha Brownsea ku England. Chaka chotsatira adatulutsa buku lake la masikauti, ndipo gululo lidafalikira msanga, kotero kuti pa 8 Febuluwale 1910 bungwe la Boy Scouts of America lidakhazikitsidwa. Mnyamata wogona kuthengo amafunika kudula chingwe, kusema zikhomo za tenti, kutsegula chitini cha nyemba ndi kuboola lamba. Motero m'chaka cha 1911 bungweli lidavomereza mpeni wake woyamba, wopangidwa ndi New York Knife Company m'tauni ya Walden.

Kampani imeneyi ili ndi mbiri yotisangalatsa ife. Adaiyambitsa m'chaka cha 1852 ndi amisiri ochokera ku Sheffield, mzinda wa ku England wotchuka ndi mipeni, amene adasemphana ndi mabwana awo ku Waterville m'chigawo cha Connecticut. M'malo mogonja, adasonkha zimene adali nazo nayamba fakitale yawoyawo, ndipo mu 1856 adasamukira ku Walden, m'mphepete mwa mtsinje wa Wallkill umene madzi ake ankayendetsa makina. Chizindikiro chawo chidali mkono wogwira nyundo.

Mpeni wa masikauti udakhala ndi maonekedwe amene sadasinthe kwenikweni kwa zaka pafupifupi 100. Muli zida zinayi: mpeni waukulu wosongoka ngati mkondo, chotsegulira zitini, chomasulira masikulu chimene chimatsegulanso mabotolo, ndi choboolera zikopa. Kumapeto kuli kamphete kokolekera pa lamba. Chikumbu chake, ndiye kuti chogwirira, poyamba chinkapangidwa ndi fupa la ng'ombe lolembedwa timizere kuti lisaterere m'manja, ndipo pa fupalo ankakhomerapo kachishango kokhala ndi chizindikiro cha masikauti ndi chiwombankhanga.

M'zaka za m'ma 1920 makampani ena monga Remington ndi Ulster adaloledwa kupanga mipeniyi. New York Knife Company idagwa mu 1931, pa nthawi ya mavuto aakulu a zachuma. Remington nayo idagulitsa mbali yake ya mipeni kwa kampani ya Pal cha m'ma 1940. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, Camillus idalowa m'malo, niipanga mipeni ya masikauti kwa zaka pafupifupi 60. Schrade, imene idali ndi dzina la Ulster, idatseka zitseko mu 2004. Camillus idatsatira pa 28 Febuluwale 2007, ndipo mu 2013 moto udapsereza nyumba za fakitale yake. Maina awiriwa adagulidwa ndi makampani ena ndipo akupezekabe pa mipeni yatsopano, koma si ya mafakitale akale aja.

Apa mpamene pali nkhani yeniyeni. Mpeni uliwonse uli ndi dzina la wopanga lodindidwa patsinde pa mpeni waukulu, pafupi ndi pamene umapindikira. Popeza makampani ankasintha kalembedwe ka dzinalo nthawi ndi nthawi, wodziwa amayang'ana patsindepo, kenaka kachishango ndi kapangidwe ka chotsegulira zitini, nkutha kunena zaka zimene mpeniwo udapangidwa. Zilembozo sizozama. Munthu wofuna kuti mpeni uwale ngati watsopano akauika pa makina onolera, mphindi zochepa zokha dzina lija lafufutika, ndipo chotsala ndi chitsulo chonyezimira chimene palibe angadziwe kwawo. Mawu amene ankalembedwa ndi asidi pamwamba pa mpeni ndiwo amachoka msanga koposa, ngakhale ndi sandipepa wofewa.

Tsono wokonza ayenera kuyamba wasiyanitsa mitundu iwiri ya kuda kwa chitsulo. Mipeni yakaleyi ndi yachitsulo cha kaboni, chofanana ndi cha okapi amene ambiri a ife tidawaona m'matumba a agogo athu, chimene chimanoleka bwino koma chimaopa chinyezi. Dzimbiri lofiira ndi mdani, chifukwa limadya chitsulo nkusiya timaenje. Koma kuda kotuwirako kumene kumabwera mpeni ukadula zipatso ndi nyama kwa zaka zambiri sikuwononga kanthu; kumathandiza ndithu kuteteza chitsulo. Choyambacho nchoyenera kuchotsa, chachiwiricho nchosiya.

Kachitidwe kake nkosavuta, kamangofuna kudekha. Timadontheza mafuta opepuka, onga a makina osokera, polumikizira pamene mipeni imazungulira, nkuusiya usiku wonse. M'mawa timatsegula pang'onopang'ono, osakakamiza, pakuti sipuling'i yakale ikathyoka kupeza ina ndi ntchito. Litsiro la m'kati timalitokosa ndi kamtengo ndi mswachi wakutha. Dzimbiri lofiira timalipala ndi kachidutswa ka mkuwa, kamene nkofewa kuposa chitsulo, kapena ndi kawaya kofewetsetsa konyowetsedwa m'mafuta. Fupa silifuna kuviikidwa m'madzi. Kadontho ka mafuta oyera nkokwanira kuti lisang'aluke. Ponola, mwala ndi dzanja, osati makina, chifukwa kutentha kwa makina kumafewetsa chitsulo.

Osunga mipeni amatsutsana pa funso la mpeni wothyoka nsonga kapena wosweka chikumbu. Ena amati uikidwe zida zochokera ku mpeni wina kuti ugwirenso ntchito. Ife sitikana, malinga wokonzayo anene poyera zimene wasintha. Kugulitsa mpeni wa zidutswa za mipeni itatu ngati wa fakitale ndi chinyengo, ngakhale msokowo usaoneke. Ndipo dzina limene mnyamata wina adadzilembera ndi msomali pa chikumbu, ambiri amati limatsitsa mtengo, koma ife tingalisiye pomwepo.

Chenjezo lina ndi la zikumbu zapulasitiki. Delrin, imene idafala m'zaka za m'ma 1960, ndi yolimba ndipo sivuta. Koma mipeni ina ya kumisasa ya zaka zam'mbuyomo ili ndi zikumbu za seluloidi, pulasitiki yakale imene ikayamba kuola imatulutsa mpweya wa asidi. Chizindikiro chake ndi chikumbu chofota kapena chong'aluka, ndi dzimbiri pa mbali yokhayo ya mpeni imene imaonekera kunja ukapindidwa. Mpweya umenewo umagwira ndi mipeni ina yoyandikana nayo, choncho wotere amauchotsa m'bokosi tsiku lomwelo nkuuika pawokha, pamalo popita mphepo.