Kodi Nkoyenera Kumwa Maantibayotiki Awiri pa Nthawi Imodzi?

Funso limeneli limamveka kawirikawiri m'makomo a ku Kawale, ku Biwi, ku Chinsapo ndi ku Mgona, makamaka pamene akhristu a m'miphakati akuyendera odwala. Wodwala amapezeka ali ndi makapisozi a amoxicillin ochokera kuchipatala, komanso mapiritsi a Bactrim kapena Flagyl amene mbale wake wamugulira pagolosale. Yankho lake nlakuti alipo mankhwala amene madokotala amaphatikiza dala, ndipo alipo ena amene akakumana m'thupi amafooketsana kapena kuvulaza munthu. Woyenera kusiyanitsa magulu awiriwa ndi wachipatala amene wapima matendawo.

Maantibayotiki ndi mankhwala olimbana ndi tizirombo ta bakiteriya, monga tomwe timayambitsa chibayo, chinzonono ndi chifuwa chachikulu. Chimfine chimayamba ndi mavairasi, choncho mankhwalawa, kaya amodzi kaya awiri, sachichiritsa.

Ambiri a ife sitidziwa kuti Bactrim payekha ndi mankhwala awiri kale. Piritsi lake la mamiligalamu 480 lili ndi sulfamethoxazole wokwana 400 ndi trimethoprim wokwana 80, ndipo aliyense amatsekereza kachirombo pa malo akeake kuti kasaswane. Anthu amene ali ndi kachirombo ka HIV akhala akulandira mankhwalawa kuti azimwa tsiku ndi tsiku. Munthu wotere akadwala chibayo, adokotala angathe kumuwonjezera amoxicillin, ndipo awiriwa amayendera limodzi popanda vuto kwa anthu ambiri. Chosayenera ndi kudziwonjezera yekha Bactrim wina pamwamba pa wa tsiku ndi tsiku uja.

Wodwala chifuwa chachikulu amamwa mankhwala anayi pa miyezi iwiri yoyamba: rifampicin, isoniazid, pyrazinamide ndi ethambutol, kenaka amapitiriza miyezi ina inayi. Akadapatsidwa amodzi okha, tizirombo tikadazolowera msanga. Amoxicillin ndi Flagyl nawo amaperekedwa pamodzi pa matenda ena a mano ndi nkhama. Pa matenda opatsirana pogonana, zipatala za m'dziko muno zakhala zikupereka mankhwala awiri kapena atatu, poti tizirombo tosiyana timaonetsa zizindikiro zofanana.

Koma kuchuluka kwa mankhwala sikutanthauza kuchuluka kwa mphamvu. M'chaka cha 1951, madokotala awiri a ku America, Lepper ndi Dowling, anapeza kuti odwala matenda oumitsa khosi amene analandira penicillin pamodzi ndi mankhwala a mtundu wa tetracycline anamwalira ambiri kuposa amene analandira penicillin yekha. Penicillin amapha kachirombo pamene kakuswana, pamene tetracycline amakaletsa kuswanako, motero wachiwiriyo amamulanda woyambayo ntchito. Amoxicillin ndi wa banja la penicillin, ndipo doxycycline ndi wa banja la tetracycline. Madokotala amawaphatikiza pa zifukwa zodziwika, koma si nkhani yoti munthu aiweruze ali pamsika.

Ciprofloxacin ndi erythromycin, aliyense payekha, angathe kusokoneza kagundidwe ka mtima, ndipo chiopsezocho chimakula akamwedwa pamodzi, makamaka kwa okalamba. Augmentin ali kale ndi amoxicillin m'kati mwake, choncho womwa zonse ziwiri wamwa mankhwala amodzi kawiri. Munthu amene thupi lake silimvana ndi penicillin apewenso amoxicillin ndi ampicillin. Doxycycline kawirikawiri saperekedwa kwa amayi oyembekezera ndi kwa ana osakwana zaka 8. Ndipo tisabise: womwa Flagyl asiye mowa, kaya kachasu kaya masese, kufikira patadutsa masiku awiri atamaliza mankhwala.

Pali vuto linanso limene silikhudza wodwala yekha. Tizirombo tikakumana ndi mankhwala mwachisawawa, timaphunzira kuwapirira. Kafukufuku wa pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, wofalitsidwa m'chaka cha 2017, anaonetsa kuti pakati pa tizirombo ta Klebsiella topezeka m'magazi a odwala, tosamva mankhwala amphamvu a mtundu wa ceftriaxone tinachuluka kuchoka pa 12 kufika pa 90 mwa 100 tilitonse pomafika 2016. Mwana wakhanda amene wagwidwa ndi kachirombo kotere sanamwepo kapisozi ndi kamodzi komwe, koma mankhwala amamukanika. Bungwe la Pharmacy and Medicines Regulatory Authority ndilo loyang'anira malonda a mankhwala m'Malawi, ndipo maantibayotiki sayenera kugulitsidwa popanda kalata ya dokotala.

Inu akatekisiti ndi onse oyendera odwala, mukapeza mitundu iwiri ya mankhwalawa pamutu pa mphasa, funsani kumene uliwonse unachokera. Ngati yonse yalembedwa m'buku la kuchipatala ndi dzanja limodzi, wodwala amwe monga anauzidwira. Ngati wina ndi wogula kapena wotsala kwa mnansi, atenge mapaketi onse pamodzi ndi bukulo, osaiwala ma ARV ndi mankhwala azitsamba, akaonetse ku Kawale, ku Area 25, ku Bwaila kapena ku Likuni. Koma akatupa nkhope kapena milomo, akamabanika, akatuluka matuza pakhungu kapena zilonda m'kamwa ndi m'maso, asamwenso piritsi lina. Apite naye kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku.