Asilikali Anachuluka, Koma Maliro Sanachepe

Amene munaperekezapo mbale wanu kuchipatala kukaŵerengetsa CD4 mukudziŵa mmene mtima umagundira poyembekeza chiŵerengerocho. Chikakwera banja lonse limapeza tulo; chikatsika nsima siloŵa. Komatu inalipo nthaŵi imene chiŵerengero chomwechi chinanyenga ngakhale akatswiri.

Mu 1976, ku America, Doris Morgan, Francis Ruscetti ndi Robert Gallo anatulukira kanthu kamene thupi limapanga lokha pofuna kuchulukitsa asilikali a m'magazi. Pambuyo pake kanatchedwa interleukin-2. Popeza HIV imapha asilikali omwewo, nzeru inali yapafupi: bwanji osabaya nako odwala kuti gulu la nkhondo lidzazenso? Mu 1995 Joseph Kovacs ndi Clifford Lane anaonetsa kuti CD4 imakweradi. Chaka chotsatira, mankhwala atatu ophatikiza atayamba kufooketsa kachirombo, chiyembekezo chinakula zedi: ma ARV amange mdani, interleukin-2 idzutse linga lomwe linagwa.

Tsono panakonzedwa kafukufuku wamkulu paŵiri, ESPRIT ndi SILCAAT, ndipo anthu oposa 5,800 a m'maiko oposa 20 anadzipereka. Onse ankamwa ma ARV, koma theka la iwo linkalandiranso jakisoni kaŵiri pa tsiku kwa masiku 5, nkudzabwereza patapita masabata 8. Sanali maseŵera ai. Thupi linkatentha, m'mfundo munkaphwanya, munthu nkulefuka monga wagwidwa ndi chimfine chachikulu. Ife timatchula maina a madokotala, koma amene anasenza mtolowu ndi anthu aŵa, amene maina awo sitiwadziŵa.

Patapita zaka ngati 7 akuwatsata, zotsatira zinalengezedwa mu 2009. Mu ESPRIT, obayidwa anaposa anzawo ndi asilikali 159 pa muyeso wa CD4. Mu SILCAAT anawaposa ndi 53. Koma matenda oloŵerera thupi likafooka sanachepe, ndipo imfa nazo sizinachepe. Mu ESPRIT obayidwawo ndiwo anaona zovuta zoopsa zochulukirapo, monga kuundana kwa magazi m'mitsempha. Akatswiri ena atawapima asilikali atsopanowo anapeza kuti ambiri anafanana ndi mtundu uja umene ntchito yake ndi kuziziritsa nkhondo, osati kuimenya.

Bungwe la INSIGHT, limene linamaliza kafukufukuyu, linatembenukira ku funso lina: kodi munthu ayambe liti ma ARV? Yankho linadza mu 2015 mwa kafukufuku wa START: kuyamba msanga, asilikali asanagwe, kunachepetsa matenda aakulu ndi imfa ndi magawo 57 pa 100 alionse.